Kumtaya kwasintha, koma mpanda ukadali vuto

Ndimayendetsa lole ya zinyalala, ndiye mtaya uwu ndimaudziwa bwino. Chibwerereni kampani yatsopanoyi, pageti amatiyeza pasikelo n'kusuzumira zomwe tanyamula. Mabatire ndi zitini za penti amaziika padera. Madzulo aliwonse amakwirira zinyalala ndi dothi, moti ntchentche ndi fungo zachepa ndithu.

Chandisangalatsa kwambiri ndi mapaipi otulutsa mpweya wa methane. Mpweyawu umachokera ku zinthu zowola ndipo suchedwa kuyaka, n'chifukwa chake kale pankangofuka utsi usana ndi usiku. Madzi akuda aja otsika m'mulu tsopano amathera m'dziwe loyalidwa pulasitiki, osalowanso pansi kukawononga zitsime.

Koma mpanda wakumbuyo ngobooka. Ana osavala ndi nsapato zomwe amalowera pamenepo kudzatola mabotolo, uku buludoza ikubwerera chammbuyo. Abwana, apa pokha konzani msanga.