Sopo, Vaseline, mafuta, madzi a micellar kapena timapepala tonyowa: chabwino n'chiti pochotsa zophodaphoda?

Zophodaphoda zambiri za masiku ano, makamaka faundeshoni yokhalitsa, lipisitiki yosafufutika msanga ndi masikara osasungunuka ndi madzi, amazipanga dala kuti zipirire thukuta, misozi ndi mvula. Muli phula, mafuta ndi silikoni, zinthu zimene sizigwirizana ndi madzi, ndipo n'chifukwa chake mkwatibwi amatha kuvina tsiku lonse m'dzuwa la mu October nkhope ili chiphodere. Mphamvu yomweyo ndi imene imavutitsa madzulo nthawi yosukusula ikakwana. Njira zochotsera zilipo zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimatha kuyeretsa nkhope munthu akalimbikira. Muyeso umene ine ndimaziyezera ndi umodzi: kodi njirayi ikufuna kuti ndikhule khungu kangati, ndiponso mwamphamvu bwanji, kuti utoto wonse uchoke?

Muyeso umenewu ndi wofunika kwambiri kwa ife a khungu lakuda. Khungu likavutitsidwa, kaya ndi chiphuphu kaya ndi kukwecha, maselo amene amapanga melanin, utoto wachibadwa wa thupi, amaupanga wochuluka pamalopo, ndipo pamatsala banga lakuda limene lingatenge miyezi kuti lizimiririke. Khungu lozungulira maso ndi lopyapyala kuposa lina lililonse pankhope, komabe ndi pomwepo pamene timapakapo zinthu zovuta kwambiri kuchotsa.

Sopo wosambira ndi amene ambiri timayambira chifukwa amakhala ali kale m'bafa, ndipo pa phoda wopepuka ndi wanja wa pensulo amagwiradi ntchito. Vuto lake ndi lakuti khungu la munthu lili ndi asidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi, umene nambala yake imakwera asidi akamachepa) ili pafupi ndi 5, pamene sopo weniweni amafika pa 9 kapena 10. Akachotsa phoda amachotsanso mafuta oteteza khungu, nkhope n'kuuma, kukokana ndi kutuwa. Ambiri amatenga kukokanako ngati umboni wakuti nkhope yayera, chonsecho ndi chizindikiro chakuti khungu latsala losatetezedwa. Masikara osasungunuka ndi madzi sopo amangowatsitsira pansi pa diso, munthu n'kupakanso kachiwiri ndi kachitatu m'maso mukuwawa. Kumene madzi a pamjigo ndi amchere, sopo sachita thovu bwino ndipo amasiya zoyera zomata pakhungu. Zosambira zofatsa monga Dove, zimene pH yake ili pafupi ndi 7, siziumitsa kwambiri, koma nazonso sizisungunula phula. Sopo wochapira zovala asayandikire n'komwe kumaso.

Mafuta amasungunula mafuta anzake, ndipo apa ndi pamene njira zotsika mtengo zimaposa zina zodula. Mafuta a Vaseline, amene Robert Chesebrough anawalembetsa ku America mu 1872, alipo pafupifupi m'nyumba iliyonse, ndipo pa masikara ndi lipisitiki youma ndi ovuta kuwapezera opikisana nawo. Mtundu wamba, wopanda fungo, sukhala ndi mankhwala ambiri oti khungu lingadane nawo. Mumatenga pang'ono kwambiri, ochepa ngati njere ya chimanga, n'kupaka pazikope maso ali otseka, kudikira theka la mphindi, kenako kupukuta ndi thonje pang'onopang'ono, ndipo utoto umachoka popanda kulimbana nawo. Kuipa kwake n'kwakuti sachoka ndi madzi okha, choncho pafunika kusukusula ndi chosambira chofatsa pambuyo pake, komanso akalowa m'diso amachititsa chimbuuzi kwa kanthawi. Bungwe la madokotala a khungu la American Academy of Dermatology limalangiza anthu amene amatuluka ziphuphu kawirikawiri kuti asamapake mafuta otere pankhope. Kwa anthu amenewa ndinganene kuti Vaseline athere pamaso ndi pamilomo basi, asafike pamasaya ndi pachipumi.

Mafuta ochokera ku zomera si ofanana, ngakhale kuti onse amachotsa faundeshoni mosavuta. A kokonati amasungunula bwino kwambiri, koma kwa anthu ambiri amatseka timabowo ta khungu n'kubweretsa ziphuphu. A olivi ali ndi mbiri yabwino imene sagwirizana nayo kwenikweni: kafukufuku wa ku yunivesite ya Sheffield wofalitsidwa mu 2013 anaonetsa kuti kuwapaka tsiku ndi tsiku kwa milungu inayi kunafooketsa khungu la pamkono la anthu akuluakulu, pamene mafuta a mpendadzuwa sanaliwononge. Choncho pa awiriwa ndingasankhe a mpendadzuwa, oyera ndi osaphikirapo, osungidwa m'kabotolo kawokawo kutali ndi khitchini. Mafuta a malambe ndi opepuka ndi abwino pakhungu, koma mtengo wake umawayenereza kudzola n'kugona nawo, osati kupaka n'kupukuta nthawi yomweyo. Mafuta odzoza makanda amagwira ntchito ngati Vaseline wosungunuka, kungoti ambiri amawathira fungo limene limatha kuwawa m'maso.

Amene amapambana onsewa, kwa amene angakwanitse kugula, ndi mafuta opangidwira kutsuka nkhope, olembedwa kuti cleansing oil kapena cleansing balm. Anawatchukitsa ndi Shu Uemura, katswiri wa ku Japan wophoda akatswiri a mafilimu amene anagwirapo ntchito ku Hollywood, ndipo mtundu wake woyamba unatuluka mu 1967. Kusiyana kwake ndi mafuta wamba n'kwakuti muli mankhwala ogwirizanitsa mafuta ndi madzi. Mumapaka pankhope youma ndi manja ouma, kutikita modekha mpaka utoto utasungunuka, ndiyeno mukathirako madzi pang'ono mafutawo amasanduka oyera ngati mkaka n'kutsukuluzika onse, osasiya kunona. Safuna thonje, choncho kukhula kulibe. Ku Japan ndi ku Korea anthu amatsatiza ndi chosambira chofatsa cha thovu, ndipo kutsuka kawiri kotereku n'koyenera tsiku limene mwapaka faundeshoni yochindikala pamwamba pa mafuta oteteza ku dzuwa. Cholepheretsa ndi mtengo ndi kusowa kwake m'masitolo ang'onoang'ono. Kirimu wachikale wa Pond's Cold Cream ali pakati: amasungunula bwino, koma amafuna kupukuta ndi nsalu yonyowa.

Madzi a micellar amaoneka ngati madzi wamba, koma muli timagulu ting'onoting'ono ta zotsukira zofatsa timene timakoka mafuta ndi utoto n'kuzisiya pathonje. Kampani ya ku France ya Bioderma inatulutsa Sensibio H2O mu 1995, ndipo lero Garnier ndi Nivea ali ndi yawo yotsikirapo mtengo. Ubwino wake waukulu umaoneka paulendo kapena madzi akasiya kutuluka m'mpope, ndiponso kwa munthu wa khungu lamafuta amene safuna kuwonjezera mafuta ena. Chimene ambiri amalakwitsa ndi kupukuta nthawi yomweyo. Thonje liyenera kunyowa ndithu, mulikanikize padiso lotseka kwa masekondi 20 kapena 30, kenako mulitsitse kamodzi. Pa masikara osasungunuka ndi madzi mtundu wamba umafooka, ndipo pamafunika wa magawo awiri, wamafuta pamwamba, umene mumayamba mwaugwedeza. Mabotolo ambiri amalemba kuti kutsukuluza n'kosafunika, koma ine ndimaona kuti ndi bwino kutsukuluza madzi akakhalapo, chifukwa zotsukira zotsalira pakhungu usiku wonse zimayabwitsa anthu ena. Mtengo wa thonje nawonso uyenera kuwerengedwa, chifukwa nkhope yophodedwa kwambiri imadya zidutswa zingapo.

Timapepala tonyowa ndi timene ndimatiika kumapeto, ngakhale kuti ndi tosavuta kunyamula. Timadalira kukhula, ndipo kapepala kakadzaza utoto kamangousuntha kuchoka patsaya kupita pachibwano. Kuti tisachite nkhungu m'paketi amatithira mankhwala osungira, ndipo amodzi mwa iwo, methylisothiazolinone, anayabwitsa anthu ochuluka moti mayiko a European Union anawaletsa mu 2017 m'zodzola zonse zosatsukidwa. Timapepala ta makanda sitinapangidwire n'komwe kusungunula phula. Usiku wina munthu akatopa zedi, kapepala n'kabwino kusiyana ndi kugona ndi phoda, koma kasakhale ka tsiku lililonse, ndipo kasatayidwe m'chimbudzi cha madzi chifukwa sikasungunuka ndipo kamatseka mapaipi.

Nsalu za microfibre zonyowetsa ndi madzi ofunda okha zimachotsa phoda wopepuka ndipo zimakhala zaka, koma nazonso mphamvu yake ndi kukhula, choncho zimathandiza kwambiri zikatsatira mafuta osati zikakhala zokha. Ziyenera kuchapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa mukangozigwiritsa ntchito, apo ayi zimabwezera majeremusi pankhope. Madzi a mandimu ndi sipiriti, zimene ena amalangizana, sizisungunula zophodaphoda bwino ndipo zimawotcha khungu, ndipo mandimu akakumana ndi dzuwa amatha kusiya mawanga akuda amene munthu ankafuna kuwapewa.

Pali gulu limodzi limene malangizo okonda mafutawa sakulikhudza, ndilo la amene amamatitsa nsidze zowonjezera za m'zikope ku saluni, zija zimakhala milungu ingapo. Mafuta amafooketsa guluu wake, ndipo thonje limakodwa m'nsidzezo n'kuzizula pamodzi ndi zachibadwa. Iwowa agwiritse ntchito madzi a micellar opanda mafuta, ponyowetsa kaburashi kofewa n'kutsuka m'mphepete mwa chikope mosamala, chifukwa m'mphepetemo muli timabowo totulutsa mafuta a misozi, ndipo wanja akatitseka maso amauma kapena chikope chimatupa. Amene amavala magalasi a m'diso, ma contact lens, ayambe awavula asanakhudze chochotsera chilichonse.