Ndemanga yanga pa Planetes, nkhani ya anthu otola zinyalala m'mlengalenga

Ndinagula mabuku awiri akuluakulu a Planetes amene kampani ya Dark Horse inatulutsa m'Chingelezi mu 2015 ndi 2016, ndipo ndawawerenga kawiri ndisanalembe ndemangayi. Imeneyi ndi nkhani yopeka ya sayansi yofotokozedwa m'zithunzi, ya mtundu umene ku Japan amautcha manga, ndipo mawu ndi zithunzi zomwe ndi ntchito ya munthu mmodzi, Makoto Yukimura. Inkatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Morning ya kampani ya Kodansha kuyambira 1999 mpaka 2004, kenako inasonkhanitsidwa m'mabuku 4, omwe onse alowa m'mabuku awiri amene ndili nawowa. Wogula adziwiretu kuti amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, moti tsamba loyamba lili kumene ife tinazolowera kuti ndi kumapeto, koma maso sachedwa kuzolowera.

Chimene chandikopa kwambiri ndi anthu amene wolembayo anawasankha kuti atisonyeze moyo wa m'mlengalenga. Nkhaniyi ikuchitika m'zaka za m'ma 2070, ndipo eni ake si asilikali kapena ngwazi zopulumutsa dziko, koma antchito wamba a chombo chakale chotchedwa Toy Box, amene ntchito yawo ndi kutola zidutswa za zitsulo, masetilaiti akufa ndi zinyalala zina zimene zikuzungulira dziko lapansi. Ntchitoyo ndi yonyozeka koma yoika moyo pachiswe, chifukwa chinthu chozungulira dziko chapafupi chimathamanga pafupifupi makilomita 28,000 pa ola, ndipo pa liwiro limenelo ngakhale bawuti yaing'ono imaboola chombo. Vuto limeneli Yukimura sanalipeke. Donald Kessler, wasayansi wa ku NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, anachenjeza kale mu 1978 kuti zidutswa zikachuluka zidzayamba kuombana n'kumabala zidutswa zinanso mosalekeza, ndipo mu February 2009, patapita zaka zisanu nkhaniyi itatha, masetilaiti a Iridium 33 ndi Kosmos 2251 anaombanadi. Kudziwa zimenezi kunachititsa kuti ndiwerenge tsamba lililonse ndi mtima wina.

Mutu woyamba wokha ndi wokwanira kuti munthu aone luso la wolembayu. Yuri, mnyamata wa ku Russia wosakonda kulankhula, anataya mkazi wake pamene kachidutswa ka chitsulo kanaomba ndege ya m'mwamba imene awiriwo anakwera, ndipo mtembo wa mkaziyo sunapezeke. Iye analowa ntchito yotola zinyalala ali ndi chinsinsi mumtima, kufunafuna kakampasi kamene mkaziyo ankayenda nako. Yukimura sakumuliritsa Yuri, ndipo sakumupatsa mawu ambiri ofotokoza chisoni chake. Akungotisonyeza munthu amene amangokhalira kusuzumira kunja anzake akupuma, kenako, pa tsiku limene kakampasiko kanaoneka kakuyandama, dzanja lovala gulovu yokhuthala likutambasuka kuti likagwire. Ndinakhala pa tsamba limenelo nthawi yaitali osatembenuza, popeza aliyense amene anasungako chinthu chaching'ono cha malemu, kaya mpango kaya wotchi yosayendanso, akudziwa kulemera kwake.

Zithunzi zake zambiri ndi zakuda ndi zoyera, kupatula masamba ochepa amitundu, ndipo ndikuona kuti mphamvu yake yagona pamenepo. Wojambulayu saopa kudzaza tsamba ndi mdima, n'kusiya munthu mmodzi wochepa ngati nyerere pakona, womangidwa ndi chingwe chimodzi ku chombo, popanda liwu lililonse lolembedwa. Bata la m'mlengalenga limamveka m'makutu ngakhale kuti ndi pepala chabe. Makina anawajambula mosamala ngati munthu amene anawagwirapo, zolumikizira, mawaya, zigamba za pa chombo chokalamba, ndipo m'kati mwa Toy Box muli kuthithikana ndi kusalongosoka kwa malo amene anthu amagwiramo ntchito ndi kugonamo. Nkhope za anthu m'mitu yoyambirira ndi zosavuta, mwina zofananako pang'ono, koma munthu ukamapitirira umaona dzanja la wojambulayo likukhwima, mpaka maso okha amayamba kunena zimene pakamwa sipananene.

Mutu wina umene sundichoka m'maganizo ndi wa Nono. Hachimaki, yemwe ndi mwini nkhani weniweni, anathyoka mwendo n'kugonekedwa m'chipatala cha pa mwezi, kumene anakumana ndi mtsikana wamtali amene iye anamuyesa wamkulu, osadziwa kuti ali ndi zaka 12 zokha. Nono anabadwira pa mwezi pomwepo, kumene mphamvu yokokera zinthu pansi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya dziko lapansi, motero thupi lake linatalika koma ndi losalimba, ndipo nyanja amangoimva kwa anthu ena. Komabe mtsikanayu sadzimvera chisoni, chifukwa kwa iye chipululu cha fumbi cha pa mwezi ndiko kwawo. Sayansi ya mafupa ndi minofu yalowa m'nkhaniyi mosakakamiza, ngati mchere m'ndiwo. Palinso mutu wosangalatsa wa Fee, mayi woyendetsa chombo cha Toy Box, amene zigawenga zinkamuphulitsira zipinda zosutiramo fodya kulikonse kumene wapita, mpaka mkwiyo wake unathandiza kulepheretsa ngozi yaikulu.

Nkhaniyi ikamapitirira imayamba kulemera, ndipo apa ndi pamene ndili ndi mawu odandaula pang'ono. Hachimaki, amene ankalota zogula chombo chakechake, akulimbikira kuti asankhidwe pa ulendo woyamba wa anthu wopita ku pulaneti ya Jupiter pa chombo cha Von Braun, ndipo kufunitsitsako kukumuumitsa mtima mpaka kuyamba kuona anzake ngati katundu womulemetsa. Mbali imeneyi inalembedwa bwino kwambiri, makamaka ikamamuyerekeza ndi Locksmith, mkulu wa ntchitoyo, amene sagwedezeka ngakhale anthu ambiri atafa pa ngozi yoyesa injini. Koma Tanabe, mtsikana amene wolembayo anamuika kuti atsutse kuuma mtima kumeneku, amalankhula za chikondi mobwerezabwereza, ndipo pena ndinkamva ngati wolembayo wasiya kundisonyeza zinthu n'kuyamba kundilalikira. Mitu ingapo ya maloto ndi maganizo a Hachimaki imayendanso pang'onopang'ono, ngakhale kuti nditawerenga kachiwiri ndinaimvetsa bwino kuposa poyamba.

Planetes inalandira mphoto ya Seiun, ya nkhani zopeka za sayansi, ku Japan mu 2002, ndipo nditaiwerenga sindikudabwa nazo. Chingelezi cha m'mabukuwa ndi chosavuta kwa amene anafika ku sekondale, ngakhale kuti mawu ena a zaumisiri amafuna kufatsa. Chifukwa cha nkhani za imfa, uchigawenga ndi kusuta, ndi oyenera achinyamata okulirapo ndi akuluakulu, osati ana aang'ono. Amene anaonera katuni ya pa TV ya zigawo 26 yochokera pa nkhaniyi asaganize kuti waidziwa yonse, chifukwa mabukuwa amayenda njira yawoyawo m'malo ambiri. Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4 ndi theka, ndipo buku loyamba ndabwereka kale mphwanga amene akuphunzira zokonza magalimoto.