DVDStyler yandipulumutsa pa vidiyo ya ukwati

Anzanga ojambula maukwati, DVDStyler, pulogalamu ya pakompyuta yoikira vidiyo pa DVD, ndi yaulere koma ntchito yake ndiye ayi ndithu, ndaikonda. Ndinamaliza kuedita vidiyo ya maola atatu, mayi a mkwatibwi akufuna DVD yokaonera kumudzi pa player yawo yakale ija, pomwe disiki wamba imangotenga 4.7GB basi. Ndangoponyamo ma file, kusankha PAL (mtundu wa vidiyo womwe ma TV akuno amagwiritsa ntchito), pulogalamuyo yokha yatsitsa bitrate (kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse ya vidiyo) mpaka zonse zakwana, ndaikanso ka menu ka chithunzi cha awiriwo atagwirana manja. Pa perekaniperekani paja, anthu akuvina ndalama zikuuluka, chithunzi chimaoneka timabokosibokosi pang'ono poti maola atatu ndi ambiri, nde vidiyo ikadutsa maola awiri gulani disiki ya dual layer yomwe imatenga 8.5GB, ine ndatero pa kope yachiwiri ndipo nkhope za agogo zikuoneka bwinobwino.