Anandifufutira LoRA yanga chifukwa khadi la ku banki linakana

Nyenyezi zitatu kwa a webusaiti imene ndimaphunzitsirapo LoRA, kafayilo kothandiza pulogalamu yopanga zithunzi kujambula chinthu chimene ukufuna. Sabata yatha ndikanawapatsa imodzi yokha, ndipo mnyamata wawo woyankha makasitomala sindinamukhululukire mpaka lero.

Ndimakonza zithunzi za malonda kuno ku Blantyre, ndipo laputopu yanga ilibe GPU (chipangizo champhamvu cha ntchito ya zithunzi) yoti n'kuphunzitsira model ya SDXL, pulogalamu yopanga zithunzi kuchokera pa mawu. Ndiye kwa miyezi isanu ndakhala ndikulipira madola 20 aja a pamwezi pa webusaiti iyi, kuwonjezera za maola a GPU, kuti ntchito iliyonse ikhale ndi malo akeake: zithunzi zophunzitsira, ma caption (mawu ofotokoza chithunzi chilichonse), ma settings ndi mafayilo amene akutuluka. Poyamba ndinkasunga zonsezi m'mafoda a pa laputopu, ndipo pakatha mwezi sindinkadziwanso kuti fayilo yabwino inali iti.

Mayi ena osoka madiresi a chitenje ku Limbe anandipatsa ntchito yowapangira zithunzi zotsatsira malonda. Alibe ndalama yolembera wojambula ndi atsikana ovala diresi iliyonse yatsopano. Mukauza SDXL kuti ijambule mayi wovala chitenje, kawirikawiri imakupatsani munthu wa ku Nigeria atamanga gele kumutu, osati duku lathu, ndipo kasokedwe kake si ka kuno. Choncho ndinajambula madiresi awo, n'kusankha zithunzi 38, n'kuyamba kuphunzitsa LoRA.

Zinandidyera milungu isanu ndi umodzi. Pa ulendo wachiwiri wophunzitsa, chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi khoma lobiriwira la m'shopu mwawo, chifukwa sindinalitchule mu ma caption, ndiye model inaganiza kuti khomalo ndi gawo la diresi. Pa ulendo wachinayi ndinakweza kwambiri learning rate (liwiro lophunzirira), zithunzi zinapserera, nkhope zinawala ngati zapakidwa mafuta ophikira. Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndiwo unagwira. Maluwa a pa chitenje anatuluka monga alili, mapindiro a m'mikono anakhala bwino, khungu la munthu linali lakuda mwachilengedwe. Fayilo ya pa epoch 6 (model itadutsa pa zithunzi zonse kachisanu ndi chimodzi) ndiyo inali yabwino kuposa onse. Sindinaitsitse tsiku lomwelo chifukwa inali pafupifupi 200MB ndipo bandulo inali itatsala pang'ono kutha. Ndinati ndikalipira mwezi watsopano ndiitsitsa.

Mwezi utatha khadi linakana. Aliyense amene amalipira zinthu m'madola kuchokera kuno akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sitinapumeko. Ndalama mu akaunti zinalimo, koma malipirowo sanadutse. Imelo inabwera yonena kuti ndili ndi masiku asanu ndi awiri. Tsiku lachiwiri lomwelo ndinawalembera, ndinafotokoza bwinobwino kuti vuto si kusafuna kulipira, ndinapempha sabata imodzi yoonjezera, kapena kuti angondilola kutsitsa fayilo imodzi yokhayo. Zii. Ndinalembanso tsiku lachinayi. Yankho linabwera la mizere iwiri, londiuza kuti ndione ngati nambala ya khadi ndailemba bwino. Apa ndinadziwa kuti munthuyu kalata yanga sanaiwerenge n'komwe.

Tsiku lachisanu ndi chitatu m'mawa msuweni wanga wa ku Johannesburg anandilipirira ndi khadi lake. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe mtima uli m'malo, chifukwa ndinali nditawalonjeza mayi aja kuti tipanga limodzi zithunzi za madiresi a chinkhoswe amene anali atangomaliza. Ndinakhala pa kampando pafupi ndi makina osokera, laputopu pamwendo, intaneti ndikutenga pa foni. Iwo anasiya kupalasa makina, anavala magalasi, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kuweramira pa sikirini. Ndinatsegula ntchito yawo. Pamene pamakhala mafayilo a LoRA, aja a .safetensors, panalibe kanthu. Ndinatseka n'kutsegulanso. Ndinaganiza kuti ndi netiweki, ndinazimitsa foni n'kuiyatsanso. Palibe. Mafayilo onse a maulendo asanu ndi awiri anali atafufutidwa usiku womwewo, maola ochepa msuweni wanga asanalipire.

“Mwana wanga, zili kuti zithunzi zija?”

“Mayi, pepani, pali chimene chavuta.”

Sanandikalipire. Anangovula magalasi, n'kunena kuti makasitomala awo awiri akudikira zithunzizo Loweruka, kenako anabwerera pa makina. Bola akanandikalipira. Ndinatuluka m'shopumo manja akunjenjemera, ndipo ndili m'minibasi momwemo ndinawalembera a webusaitiwo kalata yaukali. Mnyamata yemwe uja anayankha patatha masiku atatu, kundiuza kuti malamulo awo ndinawavomereza ndekha polembetsa, ndipo nkhani yanga aitseka. Mawu oti pepani munalibemo. Sanatchulenso makalata anga awiri amene anali m'manja mwake nthawi isanathe. Iye ndi amene akanangodina pamodzi n'kundipatsa masiku ena awiri.

Usiku wa tsiku limene ndinapita ku Limbe lija ndinalowanso pa webusaitiyo kuti nditenge zithunzi zanga n'kuchokeratu. Apa ndi pamene mtima unayamba kutsika. Mafayilo a model anapita, koma kaundula wa ntchitoyo anali wathunthu. Zithunzi 38 zija zinalipo, chilichonse ndi caption yake monga ndinaikonzera pa ulendo wachisanu ndi chiwiri, ndi mawu aja otchula khoma lobiriwira. Trigger word, mawu oitanira LoRA ija, inalipo. Learning rate ya 0.0001, network dim ya 32, kukula kwa 1024, kubwereza kasanu chithunzi chilichonse, ma epoch 10, masitepe 1,900 onse pamodzi, seed yomwe (nambala yoyambira), zonse zolembedwa pa mzere wake. Ngakhale kamawu kamene ndinadzilembera pambali, koti “epoch 6 ndiye yabwino, 8 yayamba kuuma”, kanali pomwepo. Zikanakhala m'mafoda anga akale aja, ndikanayambira pansi milungu ina isanu ndi umodzi, chifukwa manambala amenewa sindikanawakumbukira.

Ndinadina batani lobwereza ulendo womwewo. Magetsi anazima pakati pake, koma popeza ntchitoyo imachitikira pa makompyuta awo, sinaime. Ola lisanathe fayilo inali itatuluka. Ndinaika zithunzi zoyesera zakale ndi zatsopano moyandikana, pa prompt (mawu ouza model chojambula) imodzi ndi seed imodzi, ndipo apa ndiwayamikire, mbali yoyerekezera imeneyi anaikonza bwino kwambiri. Sizinafanane ndendende. Pa yatsopanoyi kolala ya diresi imodzi imatuluka yaikulu pang'ono. Koma maluwa, mitundu ndi kasokedwe zinabwerera, ndipo mayi aja Lachisanu madzulo analandira zithunzi zawo pa WhatsApp. Anandiyankha ndi mawu ojambula, akuseka, akuti kasitomala wina wafunsa kuti mtsikana wa pa chithunziyo ndi wa kuti.

Ndiye chinthucho pachokha n'chabwino, ndipo sindinapeze china chosunga mbiri ya ntchito mwadongosolo chonchi. Zotsalazo ndi zazing'ono: tsamba lake limadya bandulo chifukwa limatsegula zithunzi zonse mu ukulu wake, njira yolipirira ndi khadi basi, Airtel Money kapena Mpamba musaziyembekezere, ndipo kuphunzitsa pa Flux (model ina yopanga zithunzi) kumene anawonjezera n'kodula kwa ine, sindinakuyese.

Chimene chikundiwawabe n'chakuti ola la GPU lobwerezera lija anandilipiritsa lonse, pa vuto limene iwo akanaliletsa ndi yankho limodzi. Ndinawalemberanso kupempha kuti andibwezere ndalama ya ola limenelo, komanso kuti akamafufuta mafayilo aziyamba aona ngati munthu ali ndi kalata imene sinayankhidwe. Papita masiku asanu ndi anayi. Fayilo yatsopano ija ndinaitsitsa usiku womwewo ndi bandulo yobwereka, ili pa laputopu, pa flash komanso pa Google Drive. Mwezi uno ndalipiranso kudzera mwa msuweni wanga chifukwa mayi aja abweretsa madiresi ena khumi ndi awiri. Akandibwezera ndalama ya ola lija ndibwera kudzawonjezera nyenyezi yachinayi.