Bokosi loziziritsira la malita 25: makoma ndi abwino, chivundikiro ndiye ayi

Bokosili silipanga kuzizira. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kutentha kwa kunja kuti kusalowe msanga, ndipo apa makoma ake, omwe adzazidwa ndi polyurethane (pulasitiki wangati thovu wotchinga kutentha), amagwira ntchito yotamandika. Wogwira ntchito yeniyeni ndi ayezi. Kuti kilogalamu imodzi ya ayezi isungunuke imameza kutentha kokwana makilojuli 334, kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika 80. Nthawi yonse yosungunukayo madzi ake amangokhala pa 0, sakwera.

Vuto lili pa chivundikiro. M'kati mwake ndi mphako chabe, mulibe chotchinga kutentha. Kukakhala chinyontho mudzaona timadontho tamadzi pamwamba pake ngati thukuta. Ndi nthunzi ya mumpweya yomwe yasanduka madzi itakhudza malo ozizira, umboni woti kutentha kukulowera pomwepo. Labala wa m'mphepete nayenso ndi wopyapyala. Kuyala thaulo lopinda pamwamba pa katundu kumathandizako.

Ikani ayezi wa chibuluma, osati timiyala, chifukwa timiyala timakhudzana ndi mpweya mbali zambiri ndipo sitichedwa kutha. Magawo awiri akhale ayezi, limodzi katundu, katunduyo muyambe mwamuziziritsa. Madzi osungunuka musathamangire kuwataya, akadali ozizira. Mukawataya, malo ake amalowa mpweya wofunda.

Pa ulendo wa tsiku limodzi bokosili ndi lokwanira, bola likhale pamthunzi. Wa masiku angapo, funani lachivundikiro chochindikala.