Crossy Road: nkhuku yomwe simaliza kuwoloka msewu

Ndinayamba kusewera Crossy Road ndili m'minibasi pa Kamuzu Road ku Salima, tikudikira kuti idzaze tinyamuke ulendo wa ku Nkhotakota, ndipo pomwe kondakitala ankatseka chitseko n'kuti nkhuku yanga itagundidwa kambirimbiri, koma chala chikadali pafoni. Masewerawa anatulutsidwa mu 2014 ndi kampani ya Hipster Whale ya ku Australia, ndipo anatengera nzeru ku masewera akale a Frogger a mu 1981, momwe chule ankawoloka msewu ndi mtsinje.

Kasewereredwe kake ngakhale mwana sachedwa kukamvetsa. Mukagunda pagalasi la foni, nkhuku imadumpha kamodzi kupita kutsogolo, ndipo mukakoka chala chammbali, nayonso imapatukira komweko. Kutsogoloko kuli misewu yodzaza magalimoto, mitsinje yomwe imawolokedwa podumphira pazipika zoyandama, komanso njanji zomwe sitima imatulukira mwadzidzidzi nyali yofiira ikangothwanima. Malikisi anu ndi chiwerengero cha malo omwe mwadumpha kupita kutsogolo, basi. Kulibe tsidya lomwe mungafike n'kunena kuti mwamaliza.

Chomwe ndachiyamikira kwambiri ndi chiwombankhanga. Munthu wozolowera kuwoloka msewu wa M5 tsiku la msika, pakati pa malole ndi njinga za kabaza, amadziwa kuti nzeru ndiyo kuima kaye mpaka mpata upezeke. M'masewerawa nzeru imeneyi ili ndi malire, chifukwa mukaima nthawi yaitali chiwombankhanga chimatsika n'kuinyamula nkhukuyo, monga amachitira mphamba ndi anapiye pabwalo. Choncho mumakhala pakati pa mantha awiri, kuopa kugundidwa mukapupuluma ndi kuopa kunyamulidwa mukazengereza. Nkhuku ikafa, simuloza chala masewerawo ayi, mumadziona nokha kuti munafulumira pang'ono, ndipo popeza kuyambiranso sikutenga ngakhale mphindi, mawu oti "kamodzi kokha aka" amatuluka okha mkamwa. Mphamvu yokoka yotereyi si yamasewera: Dong Nguyen wa ku Vietnam, yemwe anapanga masewera ena a pafoni otchedwa Flappy Bird, anawachotsa yekha pamsika mu February 2014, ponena kuti anthu ankalephera kuwasiya.

Pankhani ya ndalama, kutsitsa masewerawa pafoni ya Android n'kwaulere, ndipo amaseweredwa ngakhale bandulo itatha, zomwe zinandithandiza m'malo omwe netiweki imavuta panjira. Timakobidi tomwe mumatola m'njira tikakwana 100 mumatha kupeza chinyama china cholowa m'malo mwa nkhuku, koma kunena zoona mbali imeneyi sinandikope, pakuti chinyama chasintha koma msewu ndi womwewo. Mavidiyo otsatsa malonda omwe amawonjezera makobidi amafuna intaneti, kotero wosunga bandulo angachite bwino kuzimitsa deta asanayambe.

Vuto lomwe ndinakumana nalo linali la foni yanga, yomwe galasi lake linang'aluka pakona, moti nthawi zina ndikafuna kupatukira kumbali nkhuku inkangolunjika mumtsinje. Mabampu a pamsewu nawo sanandichitire chifundo. Kwa amene akufuna chotayitsa nthawi podikira basi kapena pamzere wa kubanki, masewerawa ndi oyenera kukhala nawo, koma paulendo wautali nyamulani chaja, chifukwa ine ndinatsika pa Nkhotakota batire itatsala pang'ono kutha, ndisanaimbire n'komwe amene anadzandichingamira.