Bambo wa bwato wa ku Quelimane amadziwa chilambe chake

Mlamu wanga wa ku Milange ndi amene anandikakamiza kuti tikafika ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, tisangothera pa kabaza m'tauni, tikakwerenso bwato pa mtsinje wa Bons Sinais. Tinapeza bambo wina wachikulire padoko, tinagwirizana 600 meticais anthu awiri, maola atatu.

Chondidandaulitsa ndichinene msanga: m'bwatomo munalibe jekete zoyandamitsa munthu, ndipo ine kusambira sinditha. Tinadikiranso ola lathunthu kuti madzi akwere, zomwe akanatiuza dzulo lake.

Koma titalowa m'timifuleni ta m'mitengo yomera m'matope amchere, yomwe kumeneko amati mangal, mtima unakhala pansi. Bamboyo anaimitsa bwato n'kukoka chomera china choyanga ngati chilambe, chomwe chinakulunga mtengo mpaka kunsonga. Masamba ake ndi osalala, onyezimira, atatu kapena asanu pa kamtengo kamodzi, ndipo zikhokhombe zake n'zaphwatalala moti zimayandama n'kukamera kwina. Dzina lake m'mabuku ndi Derris trifoliata.

"Gwirani, bambo, musaope," anatero kudzera mwa mlamu wanga, poti iwo amalankhula Chichuwabo ndi Chipwitikizi. Anapotokola tsinde lija kawiri, osaduka. Amamangira nkhuni ndi mitolo ngati luzi. Kenako anatswanya kamuzu pamphepete mwa bwato ndi chigwiriro cha chikwanje, n'kufotokoza kuti makolo awo ankasinja mizu yotere n'kuithira m'maiwe otsala madzi akaphwa, nsomba n'kuyandama zitaledzera. Pomwepo ndinakumbukira katupe amene agogo anga ankathira mu mtsinje kwathu ku Mulanje. Poizoni wa m'mizu ya chomera choyangachi ndi rotenone, yemwenso ali mu chitsamba cha ombwe, ndipo amalepheretsa nsomba kupuma.

Chimene chinandikhudza n'chakuti kamuzu kaja sanakaponye m'madzi. Anakakulunga m'pepala n'kukaika m'thumba. Anati mankhwalawa sasankha, amapha ndi tiana ta nsomba tomwe, pamene m'mizu ya mangal ndi momwe nsomba ndi nkhanu zimakulira. Kwathunso lamulo la usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, koma sindinamvepo munthu akulongosola chifukwa chake momveka ngati mkulu ameneyu.

Mukapita, funsani kaye nthawi ya madzi, tengani chipewa ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, ndipo ana osatha kusambira asiyeni kumtunda. Ine ndinawonjezera 100 meticais potsika, mwa kufuna kwanga.